Kabokosi ka sola kakazimitsa magetsi, musakachotse

Chaka chilichonse kukangoyamba kuzizira, Juni ndi Julayi nkhungu ikamagona paphiri la Dedza mpaka dzuwa litakwera, dandaulo limene ndimalandira ndi limodzi lomweli. "Kabokosi kaja kafa, kakumazimitsa magetsi 7 koloko isanakwane." Ambiri akamandipeza amakhala atakachotsa kale, kapena wina anawachotsera n'kuwalipiritsa. Zanditopetsa. Kabokosi kamene kamakhala pakati pa panelo ndi batire, kamene m'masitolo amati charge controller kapena regulator, kakazimitsa magetsi dziwani kuti kakugwira ntchito yake. Vuto lili pena.

Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a timakompyuta tating'ono timene timabisala m'zipangizo ngati zimenezi. Anthu kuno amanditcha wa mawayilesi, ndipo sindikana, chifukwa mawayilesi ndimakonzadi. Koma nthawi yanga yambiri imathera patebulo ndi kachipangizo kochepa ngati chikhadabo, kamene timati microcontroller. Muli nako m'mita ya ESCOM yogulira mayunitsi, mu inveta, m'pampu ya sola yothirira kudimba, ngakhale m'firiji yosungira katemera kuchipatala. Kamene kali pa bolodi ya Arduino Uno, imene achinyamata ambiri amayambira kuphunzirapo, kali ndi malo osungira pulogalamu okwana 32 KB basi, osakwana n'chithunzi chimodzi cha pafoni yanu. M'kamalo kameneko, mbali yoyatsa babu imatenga mizere yochepa kwambiri. Mizere yambiri timalembera tsiku loipa. Batire likadzaza, kachite chiyani? Likatsala pang'ono kutha? Waya ukagundana ndi unzake, kapena pulogalamuyo ikaima yokha usiku popanda munthu woiona? Amene amachotsa kabokosi amataya mayankho onsewa nthawi imodzi.

Tengani panelo yanu imene anakuuzani kuti ndi ya 12V, muitembenuze, muwerenge kapepala kakumbuyo. Mupeza polembedwa Voc, kutanthauza mphamvu ya panelo isanalumikizidwe ku kalikonse, ndipo nambala yake ili cha m'ma 21V kapena 22V. Batire la asidi la 12V silifuna kupitirira pafupifupi 14.4V likamatchajidwa, ndipo likadzaza limafuna kutsitsidwa kufika cha m'ma 13.6V. Amene amaletsa panelo kukankha mopitirira ndi kabokosi kaja. Kamayeza batire kambirimbiri pa sekondi iliyonse, n'kumatsegula ndi kutseka njira ya magetsi. Madzulo kamayang'ana mbali inayo: batire likatsika kufika cha m'ma 11V, kamadula mababu kuti lisakokedwe mpaka kuuma, kutanthauza kutheratu mphamvu.

Ndiye pali chinthu china chimene chimakwiyitsa anthu, ndipo ndimamvetsa. Kakadula, sikayatsanso msanga. Mumazimitsa wailesi, mwachotsa mafoni, koma mdima uli chikhalire mpaka mawa. Tinachita dala. Batire lotopa likangopumula, mphamvu yake imaoneka ngati yakwera, koma mukangoliyatsira babu imagwanso pompo. Pulogalamu ikanati iziyatsa nthawi yomweyo, magetsi akanamangophethira usiku wonse batire likufa. Choncho timalemba kuti kadikire mpaka batire litalandiradi chakudya kuchokera kudzuwa, cha m'ma 12.6V, ndiye kayatse.

Chifukwa chenicheni chimene magetsi amathera msanga nthawi yozizira n'chosavuta. Batire lili ngati nkhokwe: mukamatapa zambiri kuposa zimene mukuthira, tsiku lina mupeza pansi. Batire la 100Ah limasunga pafupifupi 1,200Wh (Wh imodzi ndi magetsi amene chinthu cha 1W chimadya pa ola limodzi), koma la asidi mumayenera kugwiritsa ntchito theka lokha ngati mukufuna likhalitse. Panelo ya 100W, tsiku la dzuwa labwino, ingakupatseni mwina 400Wh. Kukachita nkhungu, kapena fumbi la mumsewu litakuta galasi, imapereka zochepa kwambiri. TV ya 60W ikayaka maola 5 yadya kale 300Wh. Onjezani mababu, mafoni a anthu a m'mudzi, makina ometera. Masamu amenewa mmisiri weniweni amawachita papepala asanagwire waya.

Pali nkhani imene siichoka m'mutu mwanga. Bambo wina pamalo ena a malonda cha kumtunda kuno, kumene amalima kachewere, anali ndi kashopu kometera ndi kutchajira mafoni. Kabokosi kake kanayamba kudula madzulo, nthawi imene makasitomala amachuluka pochokera kumunda. Anapita kwa mnyamata wina wodziwika kuti amatha za magetsi. Mnyamatayo sanayeze kalikonse. Anamasula kabokosi, n'kulumikiza panelo dayirekiti kubatire ndi timapanilo tija tamano, mababu nawonso dayirekiti. Usiku umenewo magetsi anafika 10 koloko. Bamboyo anakondwa, anauzako anzake.

Chimene sankaona n'chakuti batire linkakokedwa mpaka kuuma usiku uliwonse. Batire la asidi likamakhala louma chonchi, pazitsulo zake zam'kati pamamera zinthu zolimba zoyera zimene sizisungunukanso, ndipo malo osungira mphamvu amachepa. Magetsi atayambanso kutha msanga, mnyamata uja anati panelo ndiyo yachepa, bamboyo n'kugula yachiwiri. Kufika Okutobala, dzuwa lili phwee, batire lofookalo linkadzaza m'mawa ndithu, ndipo maola onse otsala mapanelo awiri ankangolikankha popanda woletsa. Zikatero madzi a m'batire amawira n'kusanduka mpweya wa hydrogen ndi oxygen. Hydrogen saoneka, sanunkha, ndipo akangofika magawo 4 pa 100 alionse a mpweya pamalo otsekeka, kamoto kakang'ono kamakwana kuti aphulike.

Batirelo linali pansi pa shelefu, pakona pamene mphwake wa bamboyo, mnyamata wa sukulu ya pulayimale, ankayala mphasa usiku polondera shopu. Madzulo ena babu linayamba kuphethira. Mwanayo anachita zimene ankaona amalume ake akuchita: anawerama n'kugwedeza kapanilo pamutu pa batire. Kanathetheka. Chivundikiro chinang'ambika, asidi anamuwazikira kumaso.

Apa ndi pamene mtima umandiwawa kwambiri, chifukwa diso lija mwina likanapulumuka. Anamupukuta ndi nsalu. Wina anabweretsa mkaka, wina mankhwala azitsamba odontheza. Anati kwada, njinga yamoto ndi yodula usiku, tiona kukacha. Anafika kuchipatala mawa lake masana. Diso limodzi silionanso. Bamboyo anabwera kwa ine patapita milungu, atanyamula kabokosi kaja m'jumbo, fumbi lokhalokha. "Achimwene, tandiyezereni. Kanali kakufadi?" Ndinakalumikiza patebulo langa iye ali pomwepo. Kanayaka, kanawerenga batire molondola, kanadula pamene kanayenera kudula. Ndinamuuza zoona. Anakhala pampando nthawi yaitali osayankhula, kenako anafunsa ngati ndingapite kukachotsa mawaya m'nyumba za anzake awiri amene iye anawatumiza kwa mnyamata wa magetsi yemwe uja.

Mumve bwino apa. Asidi wa batire akalowa m'maso, thirani madzi oyera ambiri nthawi yomweyo, diso lili chitsegulire, osalekeza kwa mphindi zosachepera 20. Madzi a pamjigo, a m'ndowa, alionse oyera amene ali pafupi. Osati mkaka, osati mafuta, osati zitsamba. Kenako kuchipatala usiku womwewo, ngakhale mwana atanena kuti ululu wachepa. Ndalama ya njinga mudzabweza ngongole, koma za diso palibe kobwereka.

Ndipo batire limachenjeza lisanafike pamenepo. Likamatentha mukaligwira m'mbali, likamamveka kuwira masana, likatupa, kapena m'chipinda mukamamveka fungo la mazira owola, musaligwedeze ndipo musayandikire ndi ndudu, kandulo kapena koloboyi. Tsegulani zitseko ndi mawindo. Kwerani mufunditse panelo ndi thumba kapena bulangete kuti ileke kukankha, mudikire mpweya utuluke, ndiye muitane wodziwa. Batire lisamakhale m'chipinda chogona. Ndikudziwa kuti mumaopa akuba, koma pakona ya pabalaza podutsa mphepo ndi pabwino kuposa pansi pa bedi.

Amisiri ongopenekera amenewa ali paliponse, kuyambira Chimbiya, Lizulu mpaka Tsangano, ndipo njira yawo ndi imodzi. Chinthu chikadzizimitsa, iwo amachotsa chimene chikuzimitsacho. Fyuzi ikapsa amamangapo waya wokhuthala kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Pampu ya sola ikaima chifukwa chitsime chatsika mu Okutobala, amadula sensa yoona madzi, pampu n'kumazungulira youma mpaka kupsa, gulu lonse la alimi n'kutaya tomato. Batire la lithium likadzitseka amang'amba chikuto n'kulambalala kabolodi kolilondera, kamene timati BMS, ndipo limeneli likagwira moto kuzimitsa kwake n'kovuta kwambiri. Ena amakhuthula asidi wa batire lakufa, kuthiramo watsopano, n'kuligulitsa kuti aliukitsa. Limagwira masiku ochepa. Onsewa amatamandidwa tsiku loyamba chifukwa chinthu chimayakadi, ndipo chikamadzapsa amakhala atadya kale ndalama.

Kuwazindikira n'kosavuta. Mmisiri akafika opanda multimeter, kamita kam'manja koyezera magetsi, musamulole kumasula kalikonse. Mufunseni kuti batire likuwerenga zingati, akuonetseni nambala ndi maso anu. Mufunseni chifukwa chake chinthucho chazima. Akayankha kuti tizipangizo timeneti timangosokoneza, mutsanzikeni. Pa ntchito yaikulu ya m'nyumba yonse, sukulu kapena chigayo, funsani chiphaso, chifukwa bungwe la MERA, loyang'anira za magetsi ndi mafuta, limapereka ziphaso kwa oika magetsi.

Sindikunena kuti kabokosi sikafa. Kamafa, makamaka mphezi ikagunda pafupi, kapena wina akalumikiza mawaya mosemphanitsa. Tambiri timasokonezeka pa tsiku loyamba lenileni chifukwa cholumikiza panelo batire lisanalumikizidwe. Yambani ndi batire nthawi zonse, chifukwa pulogalamu imayamba yayeza batire kuti idziwe ngati ili pa 12V kapena 24V. Pomasula, yambani ndi panelo. Palinso tabodza tolembedwa pachikuto kuti MPPT, dzina la mtundu wokwera mtengo wa timabokosi timeneti, koma topepuka ngati mulibe kanthu. Keni keni ka MPPT kamalemera, chifukwa m'kati muli koyilo yaikulu ya waya wamkuwa. Koma ngakhale ka mtundu wotchipa wotchedwa PWM kamateteza batire. Kakafadi, mtengo wa kena ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi batire latsopano.

Amene mumadutsa ku Golomoti mwaona munda wa mapanelo uja wa 20 MW umene unayamba kupereka magetsi mu 2022, wokhala ndi mabatire akuluakulu a lithium. Mabatire amenewo amalonderedwa usana ndi usiku ndi timakompyuta tochita ntchito yofanana ndi ya kabokosi kanu: kuyeza, kuyerekeza, kudula zikafika poipa. Palibe injiniya amene angalole munthu kukalambalala chitetezo chimenecho kuti magetsi akhalitseko ola limodzi.

Achinyamata amene amabwera kudzaima pakhomo la shopu yanga kufuna kuphunzira, ndimawakonda, ndipo ena mwa iwo ndi omwe amalumikiza dayirekiti m'midzimu chifukwa palibe anawauza. Onse amatchula William Kamkwamba wa ku Kasungu, amene ali mnyamata anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zotayidwa. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti iye anapanganso chodulira magetsi zinthu zikalakwika, cha misomali, waya ndi maginito, kuti nyumba ya makolo ake isapse. Chimenecho ndi chimene ndimafuna atengere. Njira zophunzirira zilipo: masukulu a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, MUBAS ku Blantyre, MUST ku Thyolo, ndipo amene ali ndi foni ya intaneti ndi bolodi ya Arduino kapena ESP32 angayambe ali kunyumba. Koma woyamba kumene kwa ine sagwira chitsulo chowotcherera. Amayamba ndi multimeter ndi kope, kuyeza batire limodzi m'mawa, masana ndi madzulo, kulemba, mpaka atatha kundiuza yekha chifukwa chake nambala zikusintha. Ena amatopa n'kusiya. Otsalawo ndi amene ndimawapatsa pulogalamu yoyamba, ndipo imakhala yozimitsa babu batire likatsika.

Ngati kabokosi kanu kayamba kudula msanga sabata ino, musadikire kuti mugulitse kaye mbatata. Batire likakhala louma milungu ingapo silibwereranso, ngakhale mutaligulira panelo ina. Pukutani galasi la panelo ndi nsalu yonyowa m'mawa, onani ngati nthambi ya mtengo kapena denga la mnzanu sizikuitchinga, zimitsani TV kwa masiku atatu kuti batire lidzaze. Ngati ndi lotsegula pamwamba, onani madzi, ndipo akachepa thirani madzi a batire okhaokha ogula m'botolo, osati asidi kapena a pamjigo. Likapanda kusintha, nyamulani batire ndi kabokosi komwe, mupite nazo kwa munthu amene ali ndi mita.