Kalata ija werengani mpaka kumunsi

Foni inalira nthawi itadutsa 10 koloko usiku, ine nditangovula nsapato. Anali clinical officer wina (wachipatala woona odwala koma wopanda digiri ya udokotala) amene ndinagwira naye ntchito kale, bambo wa zaka 36 ndi ana atatu, koma usikuwo ankakuwa ngati mwana wa Sitandade 8. "Adokotala, zatheka! Anditenga ku sukulu ya udokotala!" Ndinati zikomo kwambiri, tandiwerengerani kalatayo. Anawerenga ndime yoyamba, ya mawu okoma aja. Ndinati pitirizani. "Aaa, kumunsiku ndi za muofesi chabe."

Ndatopa nawo mawu amenewa. Za muofesizo ndiye kalatayo. Pamwambapo ndi moni chabe.

Inenso ndinalowa sukulu ya udokotala nditakula, nditagwira kale ntchito m'chipatala, n'chifukwa chake anzanga amene akufuna kubwerera m'kalasi amandipeza. Za mapointi ndi maphunziro ofunika sindikambapo, chifukwa munthu amene wafika polandira kalata amadziwa kale kuti kirediti pa MSCE ndi 3 mpaka 6 ndipo 7 ndi pasi wamba. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti sukulu ikalemba kuti yakupatsani malo pokhapokha mutakwaniritsa zakutizakuti pofika tsiku lakuti, malowo sanakhale anu. Akusungirani basi. Kumbuyo kwanu kuli mndandanda wa anthu odikirira, ndipo tsikulo likadutsa wa muofesi sakwiya, sakuimbirani, amangotsikira pa dzina lotsatira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo.

Mwana amene wangochoka ku Fomu 4 zinthuzi sizimuvuta kwenikweni. Dzina lake ndi limodzi, mapepala ake ndi atsopano, alibe bwana woti amumasule. Inu amene mwakhala zaka khumi pantchito, mapepala anu ali m'maofesi anayi, m'maboma atatu, ndipo ena analembedwa ndi anthu amene anapuma kale.

Pali mayi wina amene nkhani yake sindinaiiwale. Dzina lake, chipatala chake ngakhale sukulu imene inamuitana sinditchula. Anali clinical officer pa chipatala cha kutali ndi tauni, zaka khumi ndi chimodzi ali pomwepo. Usiku magetsi atazima wachitapo opaleshoni ya amayi oyembekezera namwino atagwira tochi. Manja ake ndinkawadziwa, ndipo kunena zoona ndinkawakhulupirira kuposa a madokotala ena amene ndinaphunzira nawo. Anabwerera pa desiki madzulo, nalembanso mayeso kuti akonze sayansi, chifukwa setifiketi yake inali ya nthawi ija Physics ndi Chemistry zinali phunziro limodzi la Physical Science. Kalata inabwera. Kutchalitchi anapereka chothokoza, kumudzi anapha mbuzi.

Tsamba lachiwiri linkafuna zinthu zooneka zazing'ono: masetifiketi enieni osati mafotokope, kalata ya abwana yomumasula, lipoti la kuchipatala, ndi gawo loyamba la fizi. Iye anati adikire malipiro a kumapeto kwa mwezi, ndiye ayende ulendo umodzi. Masabata awiri anapita motero.

Atayala mapepala patebulo m'pamene anaona zimene zinakhala m'sutikesi zaka zonsezi. Pa setifiketi ya MSCE panali dzina la bambo ake. Pa dipuloma panali dzina lomwelo koma wolemba anaika l pamene pali r. Pa chiphaso cha unzika, chimene anajambulitsa mu 2017 pamodzi ndi tonsefe, panali dzina la mwamuna wake. Kwa ife a pano palibe chachilendo, l ndi r timazisinthanitsa tsiku lililonse ndipo palibe amasochera. Koma kwa munthu wa muofesi amenewo ndi anthu atatu, ndipo palibe amene angamudzudzule, chifukwa ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti amene adzagwire mpeni pamimba pa munthu ndi yemweyo amene analemba mayeso. Panafunika kalata yolumbira, ya kwa loya kapena kwa majisitireti, yonena kuti mayina onsewa ndi munthu mmodzi. Chinthu cha tsiku limodzi ukakhala mu tauni. Iye anali kumene basi imafika kamodzi patsiku, pa chipatala chimene akachokapo sipatsala wina wochita opaleshoni.

Kalata ya tchuthi ndiye inamumaliza. Anaipempha mochedwa, ndipo inayenera kudutsa madesiki angapo. Woyamba anasayina, wachiwiri anali ku msonkhano kunyanja, wachitatu anafunsa funso loyenera ndithu lakuti iyeyu akapita atsale ndani. Mapepala onse anakwana patadutsa masiku awiri kuchokera pa tsiku lomaliza. Anapita ndithu, atavala bwino, envelopu ili m'manja. Anamulandira mwaulemu, namuuza kuti malowo anapatsa wina.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kalatayo ananditumizira pa WhatsApp tsiku lomwe anailandira, masamba onse awiri. Ndinayankha kuti "Mulungu ndi wabwino" ndi timanja topemphera tija. Tsamba lachiwiri sindinalitsegule. Ndikanangomuuza kuti lemberani sukuluyo lero lomwe, auzeni za mayinawo, pemphani masiku owonjezera tsikulo lisanafike, mwina bwenzi pano ali chaka chachinayi. Pempho lofika nthawi ikadalipo amaliganizira, koma lofika chitseko chitatsekedwa ndi dandaulo chabe. Chaka chotsatira mwana wake woyamba analowa sekondale, ndalama ija inapita kumeneko, ndipo sanafunsirenso.

Tsono mapepala yambani kuwasonkhanitsa musanalembe n'komwe fomu yofunsira malo. Ngati setifiketi ya MSCE inatayika kapena chiswe chinadya, nkhani yanu ili ku MANEB ku Zomba, osati kwa ahedi a sukulu imene munaphunzira. Ngati pepala lina munalitenga kunja, lipite ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, akaliunike. Wofuna ku South Africa adziwe kuti kumeneko mapepala akunja amadutsa ku SAQA, bungwe lawo lounika mapepala a maphunziro, ndipo viza ya sukulu imafuna kalata ya kupolisi ya zidindo za zala, imene situluka tsiku lomwelo. Laisensi yanu ya ku Medical Council kapena ku Nurses and Midwives Council ikhale yolipiridwa, musadikire kuti akufunseni. Abwana auzeni pamene mukufunsira malo, osati kalata itabwera. Ndikudziwa chifukwa chimene ambiri mumabisira, mumaopa kusekedwa mukalephera, ena mumaopa nsanje. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Pali china chimene pafupifupi aliyense wamkulu amachiphonya. Sukulu zambiri za udokotala, makamaka za kunja, zimafuna umboni wa katemera wa Hepatitis B musanayambe kugwira odwala. Kuno kwathu katemerayu analowa m'gulu la akatemera a ana mu 2002. Ngati munabadwa chisanafike chakacho, ku sikelo simunamulandire. Kwa munthu wamkulu nthawi zambiri ndi majakisoni atatu: loyamba, lachiwiri pakatha mwezi, lachitatu pakatha miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pa loyamba. Miyezi isanu ndi umodzi si yochepa, musadikire kalata kuti muyambe. Ndipo ngakhale sukulu isafunse, munthu amene wakhala akuboola mitsempha ya anthu zaka khumi opanda katemerayu akundidetsa nkhawa kale.

Za ndalama ndinena mwachidule. Musawerengere ngongole ya boma ya ophunzira musanafunse ku bungwe loona za ngongolezo ngati munthu wolowa mwa njira yanu amayenera. Werengeraninso zaka. Wochokera ku MSCE amatha chaka chokonzekera, kenako zaka zisanu za digiri ya udokotala ya MBBS, kenako miyezi 18 ya internship, yogwira ntchito m'chipatala moyang'aniridwa. Kambiranani ndi akunyumba usiku wina ana atagona, ndi pepala ndi cholembera.

Koma chimene chikundikwiyitsa kwambiri masiku ano ndi madobadoba. Munthu akangotaya malo, kapena akaona kuti tsiku layandikira, amatulukira ngati ngumbi mvula ikagwa. Wina akuti ali ndi munthu wake mkati, mungotumiza kangachepe pa foni dzina libwerere pa mndandanda. Wina akuti akukonzerani setifiketi, 7 uja asanduke 4. Wina ali ndi tsamba lokongola pa Facebook, zithunzi za achinyamata ovala makoti oyera pa chipale chofewa, akuti malo alipo kunja, Chemistry safuna, zaka safunsa, lipirani lero.

Imvani bwino. Fizi imalipidwa ku akaunti ya sukulu, risiti n'kutuluka m'dzina la sukulu. Nambala ya foni ya munthu si akaunti ya sukulu. Setifiketi yokonza imagwidwa, chifukwa sukulu imatha kufunsa kwa amene anaitulutsa, ndipo ikagwidwa simutaya malo okha, mumaika pa moto ndi laisensi imene ikudyetsa ana anu panopa. Za sukulu zakunja, zilipo zabwino, ndagwira ntchito ndi madokotala abwino ochokera ku China, ku Russia ndi ku Cuba. College of Medicine, imene lero ili mu yunivesite ya KUHeS, isanatsegulidwe ku Blantyre mu 1991, madokotala athu onse ankaphunzira kunja. Vuto si kunja. Vuto ndi sukulu imene sifunsa kalikonse. Sukulu ya udokotala imene sikufuna kuona Chemistry yanu ikufuna chikwama chanu. Musanapereke ngakhale tambala, yang'anani dzina lake mu World Directory of Medical Schools, zimene ndi zaulere pa intaneti, kenako lemberani a Medical Council of Malawi muwafunse ngati munthu wochokera kumeneko angalembetsedwe kuno. Yankho likhale lolemba. Kubwera ndi digiri patatha zaka zisanu ndi chimodzi, munda utagulitsidwa, n'kupeza kuti sungagwire wodwala m'dziko lako, ndi maliro opanda mtembo.

Ndipo dobadoba mudzamuzindikira ndi changu chake. Safuna kuti mugone, safuna kuti mufunse munthu. Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewa amene amagonera kalata yeniyeni masabata awiri, kwa dobadoba amatumiza ndalama pasanathe ola.

Bambo wa foni ya usiku uja ndinamukakamiza kuti anditumizire tsamba lachiwiri asanagone. Ulendo uno ndinalitsegula. Kunali kutatsala masiku 19 kuti tsiku lomaliza lifike. Ndinamufunsa kumene kuli setifiketi yake ya Fomu 4, anati ili bwinobwino kumudzi, m'sutikesi ya mayi ake. Ndinafunsa kuti anaiona liti komaliza. Anakhala kaye chete, kenako anati mawa akwera basi ya m'mawa.