Chifukwa chomwe madzi amatsekedwa ku Marshall pa 14 Novembala

Pabwalo la Marshall University, mumzinda wa Huntington ku West Virginia m'dziko la America, pali kasupe wopangidwa ndi mkuwa. Chaka chilichonse pa 14 Novembala anthu amasonkhana pamenepo, kuwerenga mayina 75, kenako n'kutseka madziwo mpaka nyengo yozizira itatha. Mwambowu unabadwa pa maliro a mu 1970 komanso pa nyengo ya mpira ya 1971, yomwe ambiri ankaganiza kuti siidzaseweredwa n'komwe.

Pa 14 Novembala 1970, timu ya pasukuluyi ya mpira wa ku America, ya Thundering Herd, inagonja kwa East Carolina ndi mapointi 17 kwa 14. Madzulo ake inakwera ndege ya Southern Airways, ya mtundu wa DC-9, kubwerera kwawo. Kunali mvula ndi chifunga. Ikuyandikira bwalo la ndege la Tri-State, ndegeyo inatsika kwambiri, inagunda mitengo paphiri n'kuyaka. Onse 75 anafera pomwepo, ndipo 37 mwa iwo anali osewera. Mphunzitsi wamkulu Rick Tolley analinso momwemo.

Zimene anthu akutali saziganizira n'zakuti m'ndegemo munalinso masapota 25, anthu odalirika a mumzindawo: madokotala, khansala, phungu wa nyumba ya malamulo ya West Virginia, amuna ndi akazi awo. Ana 70 anataya kholo, ndipo 18 anataya onse awiri usiku umodzi. Matupi a osewera 6 sanazindikirike, choncho anawaika pamodzi kumanda a Spring Hill.

Zitatero panabuka funso lovuta: mpira upitirire kapena uthe? Amene ankati uthe sanali ouma mtima ayi. Timuyi inali kale pamavuto, chifukwa mu 1969 inachotsedwa mu ligi ya Mid-American Conference kaamba kophwanya malamulo okopera osewera. Kwa mayi amene wangoika mwana wake m'manda, kumva phokoso la kubwalo la masewero sikukanakhala kopepuka. Komabe akuluakulu a sukulu anasankha kupitiriza, ndipo ntchito anaipereka kwa Jack Lengyel, yemwe ankaphunzitsa timu ya pakoleji yaing'ono ya Wooster ku Ohio. Womuthandiza mmodzi anali Red Dawson, amene anapulumuka chifukwa tsikulo anabwerera pagalimoto kuti akaone mnyamata yemwe ankafuna kumulemba mu timu.

Vuto linali osewera. Nthawi imeneyo malamulo a NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji ku America, sankalola ophunzira a chaka choyamba kusewera mu timu yaikulu. Marshall inapempha chilolezo chapadera ndipo inapatsidwa. Otsalawo anawatola pomwe akanawapeza, ena kumasewero ena, ena ongodzipereka okha asanasewerepo mpira wotere pamlingo umenewu. Lengyel anaitcha timuyo Young Thundering Herd. Nate Ruffin, yemwe sanakwere ndege ija chifukwa anali atavulala, ndiye anakhala mkulu wa achinyamatawo. Bobby Bowden, mphunzitsi wa West Virginia University, anatsegulira Lengyel ndi anzake makanema ndi mabuku ake kuti aphunzire kaseweredwe kosavuta kotchedwa veer. Anachita zimenezi kwa anthu omwe ankalimbirana nawo osewera m'dera limodzi, ndipo ine ndimaona kuti mtima umenewo ndi woyenera kuukumbukira.

Masewero oyamba anagonja kwa Morehead State, 29 kwa 6. Koma pa 25 Seputembala 1971, pobwerera koyamba pabwalo lawo la Fairfield, anakumana ndi Xavier. Nthawi itangotsala pang'ono kutha anali kumbuyo, 13 kwa 9. Pa mpata womaliza Reggie Oliver anaponyera mpira Terry Gardner, yemwe anathamanga nawo mpaka kudutsa mzere. Anapambana 15 kwa 13, ndipo anthu anakhamukira m'bwalo akulira.

Sabata yotsatira Miami ya ku Ohio inawaswa 66 kwa 6. Anapambananso kamodzi kokha, 12 kwa 10 pokumana ndi Bowling Green, n'kumaliza chaka atawina masewero 2 mwa 10. Kasupe uja, yemwe anamupanga Harry Bertoia, anatsegulidwa mu Novembala 1972 timu ikugonjabe. Lengyel anachoka itatha nyengo ya 1974 atawina masewero 9 okha pa zaka zinayi. Marshall inadikira mpaka 1984 kuti ione chaka chomwe inapambana kambiri kuposa kugonja, ndipo mu 1992 inatenga chikho cha dziko lonse m'gawo lachiwiri la mpira wa m'makoleji, lomwe linkatchedwa I-AA, pabwalo la kwawo ku Huntington.