Khofi Sachotsa Mowa M'magazi pa Tsiku la St Patrick

Pa 17 Malichi chaka chilichonse anthu a ku Ireland amakondwerera tsiku la St Patrick, woyera mtima wamkulu wa dziko lawo, ndipo m'misewu ya ku Dublin, Cork ndi Galway mumadzaza anthu ovala zobiriwira, kwinaku mowa ukumwedwa m'mabala kuyambira masana mpaka usiku. Pa nthawi ngati imeneyi ambiri amadalira chikhulupiriro chakalekale chakuti munthu amene wamwa angathe kuyendetsa galimoto bwinobwino akangomwa khofi wowawa, kusamba madzi ozizira kapena kugona pang'ono.

Zimenezi si zoona. Mowa ukalowa m'magazi, chiwindi ndicho chimauchotsa, ndipo chimagwira ntchitoyi pang'onopang'ono, pafupifupi magalamu 10 a mowa weniweni pa ola. Painti imodzi ya mowa wa Guinness imakhala ndi pafupifupi magalamu 20, kotero munthu amene wamwa mapainti 6 madzulo mpaka pakati pa usiku angathe kudzuka m'mawa kupita kuntchito mowa udakali m'thupi. Khofi amangothamangitsa tulo, koma phazi limachedwabe kuponda buleki pamene mwana wadumpha msewu mwadzidzidzi, ndipo choopsa n'chakuti dalaivala wotere amadzimva kuti ali bwino.

Lamulo la ku Ireland limaika malire a mamiligalamu 50 a mowa pa mamililita 100 a magazi, koma kwa ophunzira kuyendetsa, madalaivala atsopano ndi oyendetsa mabasi kapena mathiraki malirewo ndi 20. Apolisi a m'dzikoli, otchedwa Garda, amaimitsa magalimoto n'kupima mpweya wa madalaivala ngakhale m'mawa, ndipo kuyambira mu 2018 wopezeka ndi mamiligalamu apakati pa 50 ndi 80 amaletsedwa kuyendetsa kwa miyezi itatu.