Bwanji mnzanga walandira nyumba, ine ndikadali pa mndandanda?

Mayi wina wachikulire ankabwera ku ofesi kwathu pafupifupi mwezi uliwonse. Mapepala ake ankawasunga m'kajumbo, atawapinda kanayi, moti m'mizere yopindamo zilembo zinali zitayamba kufufutika. Tsiku lina anakhala pampando koma kajumbo kaja sanakamasule. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanangu, ine chaka chino n'chachisanu ndili pa mndandanda. Mtsikana wa kuseri kwathu walembetsa dzanadzanali, lero makiyi ali m'manja. Undiuze zoona, anapereka zingati?"

Pa zaka zomwe ndagwira ntchito yoona za chisamaliro cha anthu, funso limeneli ndalimva kambirimbiri, ndipo sindilipeputsa. Limadanitsa anthu oyandikana makomo amene dzulo lomweli ankalererana ana. Wina amasiya kupereka moni, wina amayamba kuwerenga zomwe mnzake wagula. Mkwiyowo ndi womveka, koma kawirikawiri umagwera munthu wosalakwa, chifukwa anthu ambiri sanauzidwepo mmene nyumba za boma ndi thandizo la ndalama zimagawidwira.

Tiyambe ndi mndandanda. Mawu akuti "kudikira" amatipangitsa kuganiza za mzere wa pabanki, pomwe wofika m'mawa ndiye amayamba kuthandizidwa. Mndandanda wa nyumba, m'maiko ambiri, umayenda ngati chipinda cha odwala mwakayakaya kuchipatala: amene akutaya magazi amalowa msanga ngakhale wafika pomaliza. Ku England lamulo la za nyumba la 1996 limauza makhonsolo kuti aziyamba aganizira anthu osowa pokhala, okhala mothithikana kapena m'nyumba zoika moyo pachiswe, ndi amene akufunika kusamuka chifukwa cha matenda kapena ulumali. Makhonsolo ena amapereka mapointi pa vuto lililonse, ena amaika anthu m'magulu, gulu loyamba la ovutikitsitsa, lachiwiri, mpaka pansi. Zaka zomwe mwadikira zimawerengedwa ndithu, koma nthawi zambiri zimangolekanitsa anthu awiri amene mavuto awo ndi ofanana. Choncho munthu akhoza kukhala wa nambala 40 chaka chino, chaka chamawa n'kupezeka wa nambala 46 popanda aliyense kuba.

Palinso china chomwe anthu saganizira. Nyumba ikapezeka, imabwera ndi kukula kwake. Ya chipinda chimodzi sangaipereke kwa banja la ana asanu, ndipo ya pamwamba, yokwera masitepe, sangaipereke kwa munthu woyendera njinga ya olumala. Kwenikweni mndandanda umodzi umene mumauona pakhoma ndi timindandanda tambirimbiri tolukanalukana. Amene akudikira nyumba yaikulu, kapena amene analemba pa fomu kuti akufuna dera limodzi lokha, amadikira nthawi yaitali kwambiri.

Ndiye pali zimene woyandikana naye sangazione, ndipo ife ogwira ntchito sitiloledwa kuziulula. Munthu amene akuoneka wathanzi, wovala bwino, akhoza kukhala kuti akuthawa mwamuna amene anamuopseza kuti amupha. Akhoza kukhala ndi mwana wa chifuwa cha mphumu amene wagonekedwa m'chipatala katatu chifukwa cha chinyontho ndi chuku cha m'khoma. Mayi aja sindikanatha kuwauza chilichonse cha mtsikana wa kuseri kwawo, monganso sindikanauza mtsikanayo za iwo. Chinsinsi chimenechi chimateteza aliyense, koma ndikuvomereza kuti ndi chomwecho chimene chimapatsa miseche malo.

Sindikunena kuti ziphuphu kulibe. Zilipo, ndipo paliponse pomwe chinthu chili chosowa, wina amayesa kugulitsa khomo lolowera. Ndaonapo failo ikudumpha anzake popanda chifukwa cholembedwa, ndipo zinandipweteka chifukwa ndinkadziwa nkhope za amene anadumphidwa. Njira yosiyanitsira chinyengo ndi lamulo ndi imodzi: pemphani kuti akulembereni. Muli m'gulu liti, mapointi anu ndi angati, anawawerengera motani, ndipo ndondomeko yogawira nyumba ikuti chiyani. Ofesi yoyenda mwachilungamo imayankha mafunso amenewa mosavuta. Ikayamba kuzembazemba, mwapeza poyambira dandaulo, ndipo dandaulo lokhala ndi tsiku, dzina la amene munalankhula naye ndi kalata m'manja limalemera kuposa mawu akuti "aliyense akudziwa kuti amadya."

Pa thandizo la ndalama nkhani imavutirapo. Boma lililonse lopereka ndalama kwa osauka okha liyenera kujambula mzere penapake, ndipo umphawi ulibe mzere. Kumene anthu ambiri ali pa ntchito zolembedwa, amayang'ana pepala la malipiro. Kumene anthu amadalira ulimi, maganyu ndi timalonda, palibe pepala loti ayang'ane, ndiye amayerekeza kuchokera pa zooneka: denga ndi la chiyani, pansi ndi pozira kapena pa simenti, pakhomo pali ziweto kapena wailesi, akudya ndi angati, ogwira ntchito ndi angati. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006, inakonzedwa kuti ifikire mabanja osaukitsitsa amenenso alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito, pafupifupi banja limodzi pa mabanja 10 alionse. Taganizirani dera lomwe mabanja 4 pa 10 akugona ndi njala. Atatu otsalawo sanama akamati ndi osauka. Malo ndi omwe anachepa.

Kuyerekeza kuchokera pa zooneka kumaphonyanso. Mayi wamasiye akhoza kukhala m'nyumba ya malata ndi simenti yomwe mwamuna wake anamanga ali moyo, koma m'nyumbamo mulibe choika pamoto. Kompyuta imaona denga, siona mphika. Pa ntchito yathu timawerenga zolakwa ziwiri: kulemba wosayenera, ndi kusiya woyenera. Anthu amakwiya kwambiri ndi cholakwa choyamba chifukwa chimaoneka ndi maso. Ine chimene chimandisowetsa tulo ndi chachiwiri, chifukwa wosiyidwayo nthawi zambiri ndi amene sakanatha kuyenda kukafika kumsonkhano wolembetsa, sadziwa kuwerenga, alibe chiphaso, kapena anachita manyazi kutchulidwa wosauka pagulu. Ameneyu sabwera kudzakalipa ku ofesi. Amangokhala phee.

Mzere wosiyanitsa olandira ndi osalandira uja umabalanso vuto lina. Ngati thandizo limatha lonse munthu akangodutsa malire ndi pang'ono pokha, ndiye kuti kupeza kantchito kungamusiye wosauka kuposa kale. Munthu wokana ntchito yotero anthu amamutcha waulesi, chonsecho wangowerengetsa bwino. Maiko ena anakonza zimenezi pochepetsa thandizo pang'onopang'ono. Ku Britain, pa thandizo lotchedwa Universal Credit, kuyambira kumapeto kwa 2021 amachepetsa thandizolo ndi mapeni 55 pa paundi iliyonse yomwe munthu wapeza pa ntchito, kuti wogwira ntchito azitsala ndi kenakake nthawi zonse.

Za nkhani yoti ndalama zoterezi zimathera ku mowa, ndingonena mwachidule. Aliyense akudziwa munthu mmodzi amene anachita zimenezo, inenso ndikumudziwa. Koma akatswiri ofufuza David Evans ndi Anna Popova atasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko a ku Africa, Asia ndi Latin America mu 2014, anapeza kuti mabanja olandira ndalama sawonjezera zomwe amawononga pa mowa ndi fodya. Woledzera mmodzi amaoneka pamsewu, pomwe makumi ogula chakudya, mankhwala ndi makope a ana sapanga phokoso.

Komanso maofesi amalakwa, ndipo akalakwa amapweteka anthu ambiri nthawi imodzi. Ku Netherlands makolo zikwizikwi ananamiziridwa kuti anaba ndalama zothandizira kulipira osamalira ana, n'kulamulidwa kubweza zonse. Mabanja analowa m'ngongole, ena anapasuka. Zitaululika, nduna zonse za boma la Mark Rutte zinatula pansi udindo mu Januwale 2021. Ndimaitchula nkhaniyi kwa aliyense amene walandira kalata yoti ali ndi ngongole ku boma n'kuyamba kunjenjemera. Chidindo sichisandutsa cholakwa kukhala choona. Funsani kuti ndalamazo anaziwerengera bwanji, ndipo onani tsiku lomaliza lochitira apilo, chifukwa kawirikawiri nthawi yake imakhala yochepa ndipo ikadutsa khomo limavuta kutsegulanso. Safunsa adadya phula.

Tsopano tibwerere ku nyumba, chifukwa muzu wa mkangano wa mayi aja ndi mtsikana uja suli pa mapointi. Mapointi amangosankha amene alowe m'nyumba zomwe zilipo, sawonjezera ngakhale chipinda chimodzi. Ku England boma la Margaret Thatcher linapereka mu 1980 ufulu woti okhala m'nyumba za khonsolo azigule pamtengo wotsika. Mabanja ambiri anapindula, ndipo sindiwada. Koma nyumba pafupifupi 2 miliyoni zinagulitsidwa, zomangidwa m'malo mwake zinali zochepa kwambiri, ndipo lero mabanja oposa 1 miliyoni ali pa mndandanda. Nyumba zikachepa chonchi, zimangotsalira ovutikitsitsa okha, dera lonse limayamba kunyozedwa, ndipo mwana wokulira kumeneko amachita manyazi kutchula kumene amakhala.

Mzinda wa Vienna, ku Austria, unatenga njira ina. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 khonsolo inayamba kumanga nyumba ndi ndalama za msonkho, ndipo sinazigulitse. Chimodzi mwa zimango zake zotchuka, Karl-Marx-Hof, chinatsegulidwa mu 1930 ndipo n'chotalika kupitirira kilomita imodzi. Lero khonsoloyo ili ndi nyumba pafupifupi 220,000. Malire a malipiro oti munthu alowe anawaika pamwamba, moti mphunzitsi, namwino ndi woyendetsa basi amakhala khomo loyandikana ndi munthu wosauka, ndipo malipiro ako akakwera sakutulutsa. Ku Singapore bungwe la Housing and Development Board linakhazikitsidwa mu 1960, ndipo anthu pafupifupi 8 pa 10 alionse amakhala m'nyumba zomwe linamanga, ambiri atazigula pa mgwirizano wa zaka 99. Kumene anthu ambiri ali m'nyumba zotere, kukhalamo sikukhala chizindikiro cha umphawi.

Ufulu wolembedwa pa pepala ndi wofunika, koma pawokha sukhoma denga. Ku South Africa, Irene Grootboom ndi anzake anatengera boma kukhoti atathamangitsidwa pamalo pomwe anamanga zisakasa. Mu 2000 khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula kuti ndondomeko ya boma ya nyumba inali yoperewera chifukwa sinaganizire anthu amene ali pa vuto ladzidzidzi. Chigamulocho chimaphunzitsidwa m'masukulu a zamalamulo m'maiko ambiri. Mayi Grootboom anamwalira mu 2008 akukhalabe m'chisakasa. N'chifukwa chake ndimati akabwera ofuna mavoti, funso lowafunsa ndi lakuti nyumba zingati zamangidwa chaka chino, zingati zagulitsidwa, ndipo zingati zili zotseka podikira kukonzedwa. Mayankho a mafunso amenewa ndi amene amafupikitsa kudikira kwa aliyense, wa nambala 1 ndi wa nambala 400 yemwe.

Pakali pano, chomwe chili m'manja mwanu ndi failo yanu. Failo siidziwa zomwe simunaiuze. Mwana akabadwa, wina akadwala, ntchito ikatha, mwini nyumba akakupatsani notisi, mukasintha nambala ya foni kapena kumene mukukhala, kanenani msanga ndipo musunge umboni woti munanena. Anthu ambiri amachotsedwa pa mndandanda chifukwa kalata inapita kumene anasamukako kale. Ku Brazil, mabanja olandira thandizo la ndalama lotchedwa Bolsa Família, lomwe linayamba mu 2003, amayenera kukonzanso zomwe zili m'kaundula zaka ziwiri zisanadutse, apo ayi thandizo limatha kuimitsidwa. Zinthu zikakuyenderani bwino kanenaninso, chifukwa ndalama zolandira mopitirira amadzazifuna, ndipo zimadzafika zitaunjikana.

Mayi aja ndinawapempha kuti amasule kajumbo kaja. Tinayala mapepala onse patebulo, limodzilimodzi. Pansi penipeni panali kalata ya dokotala ya zaka ziwiri zapitazo, yonena kuti maondo awo sangathenso kukwera masitepe ndipo akufunika nyumba yapansi yokhala ndi chimbudzi pafupi. Ndinatsegula failo yawo, kalatayo munalibe. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, iyi munaionetsapo kuno?" Anati ayi, ankaganiza kuti ndi ya kuchipatala, ndipo palibe anawafunsapo za maondo. Apa cholakwa chinali chathu, chifukwa kwa zaka ziwiri tinkawaona akulowa akutsimphina, akugwira khoma, ife n'kumangowauza nambala yawo.

Tinaijambula kalatayo tsiku lomwelo, ndipo anakwera gulu. Nyumba zapansi za chipinda chimodzi m'dera lomwe ankafuna zinalipo zochepa, ndipo zonse zinali ndi anthu, choncho ndinawafunsa ngati angalole dera lina loyandikana nalo. Anaganiza kanthawi, n'kufunsa ngati basi yopita kuchipatala imadutsa kumeneko. Nditawauza kuti imadutsa, anati ndilembe. Anapindanso mapepala awo kanayi, kalata ya dokotala ija n'kuiika pamwamba.