Malire odutsa pakhomo pa chipatala cha ku Saibai

Saibai ndi chilumba cha dziko la Australia, koma munthu akaima pagombe lake la kumpoto amaona mitengo ndi utsi wa m'midzi ya ku Papua New Guinea. Pakatipo pali madzi a makilomita 4 okha. Chipatala chachikulu chapafupi cha Australia chili pa chilumba cha Thursday Island, makilomita oposa 100 kummwera, ndipo matenda akakanika kumeneko wodwala amaulutsidwa mpaka ku Cairns, mzinda wa kumtunda kwa Australia. Amene anafikapo ku Likoma n'kuona mapiri a Mozambique ali pamphuno pomwepa amvetsa msanga momwe malowa akhalira.

Saibai n'chilumba chathyathyathya, chamadambo ndi matope, ndipo anthu ake sakwana 500. Ndi chimodzi mwa zilumba zoposa 270 za pa Torres Strait, nyanja yolekanitsa Australia ndi New Guinea, zomwe zosakwana 20 ndizo zili ndi anthu. Eni nthaka kumeneko ndi anthu akuda, achibale a mitundu ya ku New Guinea, osiyana ndi Aaborijini a kumtunda. Pa Saibai pali chipatala chaching'ono cha anamwino ndi alangizi a zaumoyo ochokera m'mudzi momwemo. Mkangano womwe wakhala pakhomo pa chipatalachi kwa zaka zambiri ndi woti: wodwala akatsika m'boti kuchokera kutsidya, wopanda pasipoti, athandizidwe kapena abwezedwe?

Nkhaniyi idayamba kalekale chipatalacho chisanamangidwe. M'ma 1860 azungu adadzaza nyanjayi pofuna zigoba za ngale, ndipo pa 1 Julaye 1871 amishoni a London Missionary Society adafika pa chilumba cha Erub, tsiku lomwe anthu a m'zilumbazi amachitabe chikondwerero chaka ndi chaka. Boma la atsamunda la Queensland, lomwe lero ndi chigawo cha Australia, pofuna kulamulira malonda a zigobawo ndi njira ya sitima, lidatenga zilumba zapafupi mu 1872, kenaka mu 1879 lidatambasula dzanja mpaka ku Saibai, Boigu ndi Dauan, pakhonde penipeni pa New Guinea. Sadafunse munthu. Anthu a ku Saibai ndi a m'midzi ya kutsidya monga Mabudauan ndi Sigabaduru ankakwatirana, ankagulana ng'oma, mikeka ndi mitengo yosemera mabwato, ndipo adapitiriza kutero ngati palibe chachitika, popeza malire a pa pepala saoneka pamadzi.

Kuyambira 1904 anthu a m'zilumbazi adaikidwa pansi pa lamulo la Queensland lomwe linkati likuwateteza. Kutetezako kunali kwakuti mzungu wa boma ndiye ankasunga malipiro awo ndi kuwapatsa chilolezo choyendera. Mu 1936 amuna ogwira ntchito m'mabwato a zigoba adanyanyala ntchito kwa miyezi, ndipo chaka chotsatira atsogoleri a zilumba adakumana pa Masig n'kuyamba kulanda mphamvu zodzilamulira m'midzi yawo. Zaumoyo nazo zinali za tsankho. M'zilumba zakutali munali timanyumba ta mankhwala tosungidwa ndi amayi a m'mudzi ophunzitsidwa pang'ono, ndipo odwala chifuwa chachikulu ankatengedwa kukagonekedwa ku Thursday Island, kutali ndi abale awo. Ellie Gaffney, amene adabadwa mu 1932, ndiye amakumbukiridwa ngati mayi woyamba wa m'zilumbazi kukhala namwino wa maphunziro okwanira.

Zinthu zidavuta pamene Papua New Guinea inkayandikira ufulu wake wa 1975. Atsogoleri a dziko latsopanolo ankati sizomveka kuti Australia ifike mpaka pagombe lawo, ndipo ku Canberra, likulu la Australia, kunali ena ovomereza kuti malire asunthidwe, adutse pakati pa nyanjayo. Eni zilumba adakana kwamtuwagalu. Mtsogoleri wawo wina, Getano Lui wamkulu, ndi anzake adayenda uku ndi uku kunena kuti malire asasinthe. Mapeto ake kudabadwa pangano lomwe lidasainidwa mu Disembala 1978 n'kuyamba kugwira ntchito mu Febuluwale 1985. Zilumba zokhala anthu zidatsala m'manja mwa Australia, ngakhale kuti mzere wogawa pansi pa nyanja udadutsa kummwera kwa Saibai ndi Boigu. Chachikulu n'chakuti eni dera a mbali zonse ziwiri adaloledwa kuwoloka popanda pasipoti akamachita za chikhalidwe chawo: kulima, kusodza, kusinthana katundu, mapemphero, maukwati ndi maliro. Mbali ya Papua New Guinea, midzi yololedwa ndi 13.

Pamndandandawo palibe kudwala. Munthu wa ku Sigabaduru akhoza kuwoloka kukakhuza maliro a msuweni wake pa Saibai, koma pangano silimulola kuwoloka chifukwa mwana watentha thupi. Olemba panganolo ankaganiza za nsomba, mafuta a pansi pa nyanja ndi miyambo. Sadaone, kapena sadafune kuona, kuti kutsidyako zipatala za m'midzi zidzakhala zopanda mankhwala, ndi kuti chipatala cha boma cha ku Daru, tauni yaikulu ya deralo, chili kutali maola angapo pa boti la injini lomwe mafuta ake mlimi wamba sangakwanitse. Mayi amene mwana wake walumidwa ndi njoka sawerenga pangano. Amaloza boti komwe kukuoneka magetsi.

Choncho mlandu womwe maboma awiri adaulambalala umagwera namwino. Malamulo a zaumoyo a Queensland amati mlendo wodwala mwakayakaya athandizidwe, ndipo wodwala pang'ono auzidwe kuti apite kwawo. Pa pepala n'zomveka. Koma usiku, boti likakocheza ndi mayi amene wavutika kuchira kuyambira dzulo, kapena bambo wa bala la chikwanje lomwe layamba kununkha, woweruza kuti uyu ndi wakayakaya uyu ayi ndi namwino, ali ndi buku la malangizo m'manja ndi dokotala wa ku Thursday Island pa foni. Akati wodwala atengedwe, helikopita imanyamuka ku Horn Island, pafupi ndi Thursday Island, ndipo ulendo umodzi wokha ndi ndalama zankhaninkhani. Akati abwerere, amadziwa bwino lomwe komwe akumubwezera.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku si yotere nthawi zonse. Gawo lalikulu ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, impso, zilonda za ana ndi katemera. Chakudya cha m'sitolo chimabwera pa sitima ya katundu kuchokera ku Cairns, ndipo masamba ndi zipatso zimafika zitafota, mtengo uli m'mwamba, pamene ufa woyera, mpunga ndi nyama ya m'zitini sizisowa. Kamba wa m'nyanja ndi dugong, nyama ya m'madzi yodya udzu, ndi ndiwo za pa zikondwerero, monga povundukula chiliza, mwambo womwe kumeneko amaulemekeza kwambiri. Amayi oyembekezera salinda tsiku lawo pa chilumba. Kukatsala pafupifupi mwezi amatumizidwa kukadikirira ku Thursday Island. Anamwino ambiri ndi obwera, ena a miyezi yochepa chabe. Amene amagwira chipatala kuti chisagwe ndi alangizi a zaumoyo a m'mudzi, olankhula Kalaw Kawaw Ya ndi Yumplatok, odziwa kuti gogo uje amamwa mankhwala pokhapokha mdzukulu wake akamuuza. Dzina lawo silimveka kawirikawiri, ndipo n'zosayenera.

Namwino wobwera naye ali ndi zake. Mu 2008 namwino wina pa chilumba cha Mabuiag adagwiriridwa m'nyumba yake ya kuntchito, ndipo zidadziwika kuti za maloko ndi chitetezo cha nyumbazo zidadandaulidwa kale. Bungwe la anamwino ku Queensland lidaopseza kuchotsa anthu ake m'zilumba, ndipo m'pamene nyumba zidayamba kukonzedwa.

Eni Saibai nawo sitingawaweruze msanga akamadandaula. Komiti ya nyumba ya malamulo ya Australia itafufuza za derali mu 2010, idamva madandaulo akuti alendo amachulukitsa mzere kuchipatala, amamaliza madzi ndi katundu wa m'sitolo, ndipo akhoza kubweretsa matenda. Chaka chomwecho kolera idabuka ku Daru ndipo maulendo a pangano adaimitsidwa kwakanthawi. Odandaulawo ndi omwenso amalandira alendowo m'nyumba zawo, chifukwa ndi abale.

Pomwe mkangano udafika pachimake ndi pa chifuwa chachikulu. Kwa zaka zingapo madokotala a ku Cairns ankabwera pa Saibai ndi Boigu kudzaona odwala TB ochokera kutsidya, ambiri a iwo a TB yosamva mankhwala wamba. Boma la Queensland ndi la ku Canberra adakokanakokana kuti alipire ndani, ndipo mu 2011 kudalengezedwa kuti zipatala za TB zimenezi zitsekedwa. Pofika pakati pa 2012 odwala onse anali ataperekedwa ku Daru. Boma la Australia lidati ndalama zipite kukalimbitsa chipatala cha Daru, ndipo lidamangadi wodi ya TB n'kugula boti la ambulansi lotchedwa Medics Queen. Mfundo yawo inali ndi mutu: mankhwala a TB amafuna kumwedwa tsiku lililonse kwa miyezi yambiri pamaso pa wazaumoyo, ndipo wodwala wowoloka nyanja mwa apo ndi apo amadukiza, matenda n'kulimba. Madokotala a chifuwa a ku Cairns adatsutsa, nati mwatseka khomo ili lina lisanatseguke. Mu 2013 mtsikana wa ku Daru adamwalira m'chipatala ku Cairns ndi TB yokana pafupifupi mankhwala onse, atabindikiritsidwa kwa miyezi yambiri. Zaka zotsatira Daru idatchuka ngati amodzi mwa malo omwe TB yosamva mankhwala yafala kwambiri pa dziko lonse. Kunena chilungamo, mbali zonse ziwiri zidalondola penapake, koma nthawi yotsekera idasankhidwa ndi owerengera ndalama, osati ochiritsa.

Mu Malichi 2020, chifukwa cha Covid-19, maulendo a pangano adaimitsidwa kotheratu, ndipo adakhala otseka kwa zaka zoposa ziwiri. Maliro adachitika abale a kutsidya palibe, ndipo amayi a ku Mabudauan adasowa kogulitsa mikeka ndi nkhanu zawo. Matendawa atakula ku Papua New Guinea kuchiyambi kwa 2021, Queensland idathamangitsira katemera ku Saibai ndi Boigu madera ambiri a Australia asanamulandire. Nthawi yonseyi asilikali ndi apolisi a m'malire ankalondera gombe, koma maboti a odwala mwakayakaya sadaleke kufika, ndipo anamwino ankawalandira atavala zodzitetezera.