A Dachi a mu Lusaka: mpingo umene unatsata anthu ake

Mukafunsa gogo wa ku Kamwala kapena ku Matero kuti amapemphera kuti, kawirikawiri sakutchulirani dzina lolembedwa pa chikwangwani cha tchalitchi. Amangoti, "Ndine wa Dachi." Pachikwangwanipo palembedwa Reformed Church in Zambia (RCZ), dzina lomwe mpingowu unatenga mu 1968, koma lakale lija lakanirira pakamwa pa anthu. Ambiri mwa a Dachi a lero sanaonepo Mbunu ataima pa guwa, komabe dzina la eni mishoni akale likuyenda nawo m'minibasi za ku Chawama ndi ku Mtendere.

Nkhani yake imayambira kum'mawa, ndipo imayamba ndi nkhondo. Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni. Nsingo, mwana wa mfumu amene anatsogolera nkhondoyo, anawomberedwa, ng'ombe zankhaninkhani zinalandidwa, ndipo Mpezeni mwini anatengedwa ukaidi ku Fort Manning, komwe lero ndi ku Mchinji. M'masiku achisoni amenewo ndi mmene mawu anafikira ku Mvera, ku Nyasaland, komwe amishoni a Dutch Reformed Church anakhazikika kuyambira 1889, akuti mfumu yalola kuti aphunzitsi alowe m'dziko mwake. A ku Mvera anali otumidwa ndi Sinodi ya ku Cape, ku South Africa, ndipo analibe mphamvu zotsegulira munda wina, choncho ntchitoyo inagwera anzawo a ku Orange Free State, chigawo china cha dziko lomwelo. Pa 5 Julaye 1899 abusa awiri, P.J. Smit ndi J.M. Hofmeyr, anatula katundu pa Magwero, pafupi ndi pomwe pali Chipata lero. Kuchoka apo kunabadwa Madzimoyo mu 1903, Nyanje mu 1905, Nsadzu mu 1908, kenako mamishoni ena mpaka Katete. Sukulu za akhungu ndi za ogontha za ku Magwero, ndi zipatala za ku Nyanje ndi ku Kamoto, zonsezi ndi mbewu za munda womwewo.

Koma wofuna kumvetsa a Dachi a mu Lusaka asayang'ane kwambiri nyumba za njerwa za pamishoni. Ayang'ane kasukulu kaudzu ka m'mudzi. Amishoni anali ochepa, dziko lalikulu, ndiye anadalira mphunzitsi wa m'mudzi. Iyeyu pakati pa sabata ankaphunzitsa a, e, i, o, u, pa Sabata n'kulalikira, kuphunzitsa a kalasi katekisma, kuyendera odwala, kuika maliro. Mzungu ankafika kangapo chabe pa chaka kudzabatiza ndi kudyetsa mgonero. Masabata ena onsewo mapemphero anali m'manja mwa mphunzitsi ndi akulu a mpingo. Tisanamizane kuti amishoni anachita izi chifukwa chokhulupirira kwambiri munthu wakuda. Zinawatengera zaka 30 kuti adzoze mbusa woyamba wa m'dziko muno, Justo Mwale, mu 1929. Koma kuchedwa komweko kunaphunzitsa akhristu wamba chinthu chimene chinadzawathandiza m'tauni: kuyendetsa mpingo popanda kudikira mbusa.

Nanga unafika bwanji kuno, ulendo wa makilomita oposa 550 kuchoka ku Chipata? Lusaka sinali m'dera la a Dachi. Ili ndi dziko la Asoli ndi Alenje, ndipo pomwe njanji inkadutsa mu 1905 panali kasiteshoni chabe kotchedwa dzina la nyakwawa ya pamalopo, Lusaaka. Mabungwe a mishoni anali atagawana dziko, aliyense ndi mtundu wake, ndipo cha kuno kunali kwa a Methodist. Chinasokoneza malire amenewa ndi msonkho. Mwamuna wa ku Petauke kapena ku Chadiza ankafunika ndalama ya msonkho, ndalamayo kumudzi kunalibe, ndiye ananyamula chitupa n'kulowera ku Harare, ku Wankie, kenako ku migodi ya mkuwa. Boma la atsamunda litasamutsa likulu kuchoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, panafunika omanga, makalaliki, amesenjala, akhukhi ndi apolisi. Ambiri anachokera kum'mawa ndi ku Nyasaland, popeza ndiwo anali atadziwa kale kuwerenga, ndiponso Chinyanja ndicho chinali chilankhulo cha apolisi. Ndi mmene mzinda wa m'dziko la Asoli unayambira kulankhula Chinyanja.

M'kathumba ka mlendo wotereyu munkakhala bulangete, mwina mbale, Buku Lopatulika lomwe linatuluka lathunthu mu 1922, buku la nyimbo, ndi kapepala kamodzi kopindidwa bwino: kalata ya mpingo. Kalatayo inkanena kuti mwini wake ndi mkhristu wobatizidwa, wodya mgonero, wopanda mlandu kumene wachoka. Agogo anga aamuna anali nayo, ndipo ankaisunga pamodzi ndi chitupa, ngati kuti china n'chiphaso cha kwa bwanamkubwa, china cha kwa Mulungu. Vuto linali loti kuno kunalibe womupatsa kalatayo. Ndiye eni makalata anayamba kufunana okha. Wina wamva mnzake akung'ung'udza nyimbo ya kwawo pantchito, wafunsa kuti kwanu n'kuti, Sabata lotsatira akumana m'nyumba ya mmodzi wa iwo. Amene anali mkulu wa mpingo kumudzi watsegula buku. Amishoni anabwera pambuyo, kutsata nkhosa zomwe zinali zitadzimangira kale khola. Kamwala ndi umodzi mwa mipingo yakale kwambiri yobadwa motere, ndipo pamene makomboni ankafalikira, Matero, Chilenje, Chawama, Garden, Mtendere, mpingo nawo unkagawika kutsata anthu.

Pali china chimene akuluakulu sakonda kuchikamba. Kuzungulira Lusaka kunali alimi achibunu, nawonso a Dutch Reformed, okhala ndi tchalitchi chawochawo. Chikhulupiriro chimodzi, katekisma mmodzi, koma makomo awiri. Sinodi ya ku Free State inkagwiritsa kwambiri mfundo yolekanitsa akuda ndi azungu, ndipo Zambia italandira ufulu mu 1964 dzina loti Dachi linkalemera, chifukwa linkanunkha tsankho la ku South Africa. Mpingo unali utasintha kale dzina mu 1957 kukhala African Reformed Church. Mu 1966 unalandira chimene makolo athu anachitcha Umwini, kutanthauza kuti ulamuliro ndi katundu zachoka m'manja mwa mishoni. Sindidziwa mawu ena amene akanaposa amenewa. Sanati ufulu, anati umwini, ndipo mwini munda ndiye amalima. Walira mvula walira matope: malipiro a abusa, denga la tchalitchi, njinga ya mlaliki, zonse zinayamba kuyang'ana m'thumba la wogulitsa tomato pamsika. Mu 1975 sukulu ya ubusa yomwe inali ku Madzimoyo inasamukira ku Chamba Valley kuno ku Lusaka n'kutenga dzina la Justo Mwale. Lero ndi yunivesite, ndipo yaphunzitsa abusa a mipingo ina ya m'maiko oyandikana nafe.

Abusa achuluka tsopano, koma kayendetsedwe kakale kaja sikanathe. Mpingo uliwonse ndi wogawidwa m'madera, dera lililonse lili ndi mkulu wa mpingo ndi mtumiki wake. Anthu amenewa salandira kanthu. Wina ndi dalaivala, wina mphunzitsi wopuma ntchito, wina amawotcherera zitsulo ku Kalingalinga. Akaweruka, madzulo a tsiku la mapemphero a dera amapita kunyumba yomwe yagwera ulendo umenewo, anthu khumi ndi angapo atapanikizana m'chipinda chochezera, ana pansi, mwini nyumba atabwereka mipando kwa aneba. Mkuluyo amadziwa nyumba imene lendi yavuta, mwana amene wasiya kalasi, banja limene silikulankhulana. Mwana asanabatizidwe, ukwati usanalengezedwe, munthu asanabwezedwe ku mgonero atatha chilango, nkhani imayamba yadutsa kwa iye, kenako kubwalo la akulu komwe abusa amakhala pampando koma sagamula okha. Mbusa amaitanidwa, amatumikira zaka zake, amasamuka. Mkulu wa dera amakalambira pomwepo.

Ndiye pali azimayi a Chigwirizano, bungwe la amayi a mumpingo, a malaya oyera ndi siketi yakuda. Kunena zoona, mabuku a mbiri ya mpingo amawapatsa masamba ochepa poyerekeza ndi katundu amene asenza. Pitani pamaliro aliwonse m'komboni. Uthenga ukangomveka, iwo ndiwo amayamba kufika, chitenje m'chiuno, kaufa ndi kamakala m'manja. Amagona pansi m'nyumba ya siwa masiku awiri kapena atatu, akuimba mpaka mbandakucha, amuna ali panja pamoto. Amaphika, amatonthoza wamasiye, amaperekeza bokosi ku Chingwere kapena ku Leopards Hill. Panja apo Abemba amakhala akuchita zawo za chimbuya, ubale wa nthabwala wa pakati pa iwo ndi ife a kum'mawa, kupaka anthu a kum'mawa ufa kumaso ndi kuwaseka kuti amadya mbewa, ife n'kumabweza za anyani, ndipo m'nyumbamo nyimbo siileka. M'zaka zomwe matenda a Edzi anavuta kwambiri, maliro ankagundana sabata limodzi, ndipo azimayi omwewa ankachoka pa siwa ina kulowera pa ina asanakafike n'kwawo. Munthu wobwera yekha m'tauni ankadziwa kuti akafa sadzaikidwa ngati galu. Ambiri analowa mpingo, kapena kubwereramo, ataona zimenezi, osati atamva ulaliki.

Zaka zomwezo ndizo zinabala mkangano waukulu koposa mu mbiri ya mpingowu. Pa 29 Disembala 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu. Alaliki a chipentekoste anadzaza pa wailesi ndi pa TV, misonkhano yachitsitsimutso inali paliponse. Nthawi yomweyo makampani a boma ankagulitsidwa, anthu ankachotsedwa ntchito, matenda ali m'nyumba. Achinyamata a Dachi ankapita ku mapemphero ochezera usiku kwa anzawo, n'kubwerako ndi mafunso. Bwanji ife sitipemphera tonse pamodzi mokweza? Bwanji sitisanjika manja pa odwala, sititulutsa ziwanda, sitiitanira anthu kutsogolo kuti alape? Malilime alakwanji? Akuluakulu anali ndi yankho lawo: Mulungu si wachisokonezo, dongosolo la mapemphero tinalilandira, buku la malamulo a mpingo, Zolamulira, lilipo, ndipo wofuna kusintha adzere kubwalo, ku presbiterio, mpaka ku Sinodi. Abusa nawo anagawikana, makamaka m'mipingo ya m'tauni. Mbali ina inkati Sinodi yalekerera zachilendo, inzake inkati Sinodi ikuzima Mzimu. Mu 2001 zinafika posweka. Abusa ena anachotsedwa, ndipo pamodzi ndi akhristu ambiri anayambitsa Bible Gospel Church in Africa, yomwe anthu amangoti BIGOCA, motsogozedwa ndi Peter Ndhlovu amene anali mbusa ku Matero.

Amene tinaliko tikukumbukira kuti mpeni sunadule pakati pa mipingo chabe, unadula m'nyumba. Mayi avala yunifomu kulowera uku, mwana wawo wanyamula Baibulo kulowera uko, nsima ya masana n'kudyedwa mwakachetechete. Ine ndimaona kuti mbali zonse zinali ndi pogwira. Achinyamata sankanama kuti mpingo unkayankha mochedwa pa mantha enieni a anthu, a ufiti, a ulova, a imfa. Munthu wosautsidwa usiku safuna kuuzidwa kuti nkhani yake ikambidwa pa msonkhano wa mwezi wamawa. Koma akuluakulu nawo ankateteza chinthu chomwe sankatha kuchifotokoza bwino, chija chinawasunga kuyambira m'tinyumba ta ku Kamwala: kuti mpingo sutsamira pa munthu mmodzi wodzozedwa, ngakhale akhale wamphatso chotani. Cholakwa chawo chinali kufulumira ndi chilango pomwe pankafunika khutu. Chosekesa n'choti zambiri zomwe anthu anakanganirana zinadzalowa ndithu. Lero m'matchalitchi ambiri a RCZ mu Lusaka muli gulu lotsogolera matamando, kiyibodi ikulira, anthu akuwomba m'manja, kenako mkulu wa mpingo n'kuimirira kuwerenga Malamulo Khumi monga ankachitira agogo ake ku Nyanje.

Ana obadwira kuno ambiri salankhula Chichewa cha m'Buku Lopatulika. Chawo ndi Chinyanja cha m'tauni chosakaniza Chibemba, Chinsenga ndi Chingerezi, ndipo mipingo yambiri inayamba kukhala ndi mapemphero awiri, a Chingerezi m'mawa, a Chinyanja pambuyo pake. M'mabenchi muli Atonga, Abemba ndi Alozi, ena olowa chifukwa cha ukwati, ena chifukwa tchalitchi chili pafupi. Komabe basi zochokera ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke zimatsitsa anthu pa siteshoni ya Intercity tsiku ndi tsiku. Pa Sabata, nthawi ya zolengeza ikakwana, mlembi amati alendo aimirire. Amaimirira mtsikana wobwera kudzaphunzira unamwino, kapena bambo wodzafuna ntchito ya ulonda, n'kutchula mpingo wa kwawo. Mapemphero akatha mkulu wina amamutsatira panja, kumufunsa komwe akukhala ndi kumuuza dera lake ndi nyumba yomwe akumaneko sabata imeneyo. Kenako amatambasula dzanja kuti alandire kalata.