Polishi sateteza penti, ndipo kiliya akasupuka sabwerera

Sabata siitha osabwera munthu pagalaja panga pano pa Nchalo, botolo lili m'manja, n'kumati, "Amisiri, tandipakirani ichi galimoto iwale." Ndikafunsa kuti m'botolomo muli chiyani, yankho limakhala limodzimodzi: polishi. Kwa ife chilichonse chopaka pagalimoto ndi polishi, ndipo penti ya magalimoto ambiri m'chigwa muno ikufera pomwepo.

Polishi amadya. Ali ngati sandipepa wosalala kwambiri, ntchito yake ndi kupala pamwamba pa kiliya kuti mizere ndi kuthimbirira zichoke. Kiliyayo ndi kachikopa koonekera kamene kamakuta mtundu wa galimoto, kopyapyala kuposa pepala la m'kope. Mukamamupala mwezi ndi mwezi mukumumaliza. Zimene zimateteza penti ndi izi: waksi, sealant ndi ceramic coating.

Waksi wa carnauba, wochokera ku masamba a mgwalangwa wa ku Brazil, amawala mokoma, makamaka pagalimoto yakuda kapena yofiira. Koma kuno si ku Dedza. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, boneti yoima padzuwa simungaikepo dzanja, ndipo waksi amatha m'milungu yowerengeka. Sealant ndi wopangidwa kufakitale, amapirira miyezi 4 mpaka 6. Ceramic amauma n'kukhala ngati kagalasi, ndipo wabwino akapakidwa bwino amatha zaka 2 kapena kuposa.

Tsono dongosolo lake, limene ndatopa nalo kulibwereza. Tsukani. Chotsani phula la mumsewu ndi zina zokakamira. Ngati penti yathimbirira, pitsani polishi kamodzi, kenako pukutani mafuta onse amene wasiya. Mukatero, cholimba ndicho chiyambe kugona pa penti, chofewa chibwere pamwamba. Sealant pansi, mudikire mpaka mawa lake, waksi pamwamba ngati mukufuna kuwala kowonjezera. Mukatembenuza, sealant amagwira waksi m'malo mogwira penti, ndipo waksiyo akamachoka amapita naye limodzi. Ceramic ndiye safuna mnzake pansi pake, ngakhalenso pamwamba waksi alibe ntchito yeniyeni. Amafuna mthunzi, malo opanda fumbi, ndiponso tsiku lathunthu osakhudza madzi.

Pali bambo wina wa ku Ngabu amene nkhani yake imandiwawabe. Atapuma pa uphunzitsi anaitanitsa Toyota yakuda kuchokera ku Japan ndi ndalama za penshoni. Anabwera nayo kwa ine mu Juni, ndipo padenga ndinaona timawanga totuwa, tating'ono ngati zipere. Kiliya anali asanasweke. Ndinawauza kuti, "Bambo, izi tizigwire mwezi uno, dzuwa lisanakwiye." Iwo anati adikire agulitse kaye ng'ombe. Ali mkati modikira anakumana ndi mnyamata wina pa depoti, wa kabotolo kopanda chizindikiro, amene anawalonjeza ceramic pa mtengo wa nkhuku. Mnyamatayo anaipaka masana dzuwa lili paliwombo, pa galimoto yongopukuta ndi chiguduli, fumbi la mumsewu wa M1 lili pomwepo. Tsiku limenelo inawaladi. Chimene chinali m'kabotolomo chinali mafuta basi, ndipo mafuta amabisa kutuwa kwa masiku ochepa, dzuwa likupitiriza ntchito yake.

Anabweranso mu Disembala. Denga ndi boneti zinali zitayamba kufundula ngati njoka. Anayendetsa chala pamenepo, kachikopa n'kutsalira kuchala, n'kundifunsa motsitsa mawu, "Mwanawe, palibe mankhwala oti tipakepo?" Panalibe. Kiliya akasupuka chatsala ndi kupala ndi kupoperanso penti, ndipo ndalama yake inaposa kutali imene akanalipira mu Juni. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati ndinawachenjeza mwamphamvu mokwanira.

N'chifukwa chake ndimakalipa ndikaona zimene zikuchitika m'malo ena otsukira magalimoto. Polishi wa pansi wa m'nyumba, mafuta ophikira, dizilo, zonsezi akuzipaka pa penti kuti mwini wake asangalale potuluka. Zimangoitana fumbi. Ena amafika pogwiritsa ntchito brake fluid, mafuta a mabuleki, amene amasungunula penti yeniyeniyo. Munthu akakuuzani kuti akupakirani ceramic panja, mu ola limodzi, osayamba wakonza penti, tengani makiyi anu muzipita. Funsani botolo mulione, muwerenge zolembedwapo.

Ngakhale mutapaka chodula bwanji, kutsuka kolakwika kumachichotsa. Sopo wa ufa wochapira zovala amakokolola waksi. Madzi a m'mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje ndi amchere, ndipo akaumira pa boneti yotentha amasiya timadontho toyera timene timaloŵerera mu kiliya, kaya pali ceramic kapena ayi. Tsukani m'mamaŵa kapena madzulo, pamthunzi, ndipo pukutani madziwo asanaume okha. Phulusa la nzimbe zootcha likagwera galimoto, likokoloreni ndi madzi, musalipukute louma. Zitosi za mbalame pansi pa mitengo ya nimu zichotseni tsiku lomwelo.

Inu amene mwangopopetsa penti yatsopano, musathamangire waksi kapena sealant. Penti imafuna mwezi umodzi mpaka itatu kuti iume mkati, ndipo amene anakupoperaniyo ndiye akuuzeni tsiku loyambira. Kwa enanu, thirani madzi pa boneti mukatha kutsuka. Akaima timadontho tozungulira n'kumagubuduka, chitetezo chilipo. Akangoyala ponseponse, chatha, pakaninso mwezi womwewo.